Zinyalala za pa Everest: Amene Adazitaya ndi Amene Akuzitsitsa

Pakati pa nsonga ya Everest ndi ya Lhotse pali malo athyathyathya a miyala ndi madzi oundana otchedwa South Col, pa mamita pafupifupi 7,900 kuchokera pa nyanja yamchere. Okwera phiri odzera mbali ya Nepal amamanga msasa wawo womaliza pamenepa. Mpweya ndi wochepa moti kumanga zingwe za nsapato kumafuna kupumira kaye. Pansi pali mbwee nsanza za matenti zomatirira ku ayezi, tizitsulo ta matenti topindika, zitini za gasi wophikira, zingwe zothetheka, mapaketi a chakudya olembedwa m'zinenero za mayiko ambirimbiri, komanso chimbudzi cha anthu. Kuzizira kwa kumeneko sikulola kanthu kuola. Chimene munthu adasiya zaka 30 zapitazo chikadali pomwepo, ndipo wofuna kuchichotsa ayenera kuchigoba ndi nkhwangwa ya ayezi.

Phirili lili ndi eni ake. Asherpa adafika m'chigwa cha Khumbu, m'munsi mwa Everest, zaka pafupifupi 500 zapitazo kuchokera kum'mawa kwa Tibet. Ankaweta ng'ombe za ubweya zotchedwa yak, kulima m'timinda ta m'mapiri ndi kuchita malonda a mchere podutsa pa mpata wa Nangpa La. Phiri limene mapu a Angerezi adalipatsa dzina la George Everest iwo amalitcha Chomolungma, ndipo amakhulupirira kuti pamenepo pamakhala mulungu wamkazi Miyolangsangma, wopatsa chakudya ndi chuma. Chigwa chonse cha Khumbu amachiona ngati malo opatulika amene mphunzitsi wa Chibuda Guru Rinpoche adawabisa kuti akhale pothawirapo anthu pa nthawi ya mavuto, n'chifukwa chake kupha nyama kumeneko ndi mwiko. Midzi inkasankha alonda a nkhalango, a shinggi nawa, amene ankalipitsa munthu wodula mtengo wauwisi popanda chilolezo. Kukwera nsonga za mapiri sichidali chizolowezi chawo. Panalibe chokatenga pamwambapo, ndipo kunyumba kwa milungu munthu sankangolowako chilowelowe.

Kukwera kudabwera ndi alendo. Angerezi adayamba kuzonda phirili mu 1921 podzera ku Tibet, chifukwa Nepal idali isanatsegule malire ake, ndipo onyamula katundu ankawalemba ntchito ku Darjeeling, ku India. Mu 1922 amtengatenga 7 adakwiririka ndi chigumukire cha chipale chofewa m'munsi mwa North Col, mbali ya Tibet. Awa ndiwo oyamba odziwika kufera pa Everest. Mu 1924 George Mallory ndi Andrew Irvine adasowa chapafupi ndi nsonga. Mtembo wa Mallory udapezeka mu 1999, patatha zaka 75, zovala zake zidakali ndi kansalu kolembedwa dzina lake. Nsapato ya Irvine idatulukira m'madzi oundana mu 2024.

Maulendo a masiku amenewo ankakonzedwa mwausilikali: katundu wambiri, misasa yotsatizana, chikhamu cha onyamula. Gulu la John Hunt la mu 1953, limene lidafikitsa Edmund Hillary ndi Tenzing Norgay pa nsonga pa 29 Meyi, lidanyamuka ku Kathmandu ndi amtengatenga pafupifupi 350. Aliyense ankawerengera za kukweza katundu. Za kumutsitsa palibe adaziika pa pepala. Ndipotu kusiya zinthu paphiri nthawi imeneyo sikudali kochititsa manyazi. Gulu la Hunt lidadya chakudya chimene anthu a ku Switzerland adasiya mu 1952, ndipo Hillary ndi Tenzing potsika adapumira mabotolo a okosijeni amene anzawo Tom Bourdillon ndi Charles Evans adawasiya m'njira masiku atatu m'mbuyomo. Chotsala cha wina chinkapulumutsa mnzake. Pa nsonga penipeni Tenzing adakwirira maswiti m'chipale ngati nsembe, Hillary n'kuika kamtanda kamene Hunt adampatsa. Amenewa sadali anthu osalemekeza phiri. Kungoti ankabwera kamodzi pa chaka, gulu limodzi, ndipo phiri lidaoneka lalikulu kwambiri moti zitini zochepa sizikadalidetsa.

Patangotha zaka 10, maganizo amenewa adayamba kuonekera ming'alu. Gulu la ku America la mu 1963, lotsogozedwa ndi Norman Dyhrenfurth, lidabwera ndi onyamula katundu oposa 900 ndi katundu wa matani pafupifupi 27. Mmodzi mwa amene adafika pa nsonga, Barry Bishop wa ku National Geographic, atabwerera kwawo adafotokoza South Col kuti yasanduka dzala lokwera kuposa madzala onse a pa dziko lapansi. Pa nthawiyo anthu amene adapondapo pamalopo adali owerengeka kwambiri.

Chaka chotsatira, mu 1964, bungwe la Hillary la Himalayan Trust lidalambula bwalo la ndege ku Lukla kuti zipangizo zomangira sukulu ndi chipatala zizifika msanga. Cholinga chidali chabwino, ndipo Asherpa adapinduladi: sukulu ya ku Khumjung ya mu 1961 ndi chipatala cha ku Khunde cha mu 1966 zikugwirabe ntchito. Koma ulendo wa masabata awiri wapansi udasanduka wa mphindi zosakwana ola limodzi pa ndege, ndipo alendo adayamba kukhamukira ku Khumbu. Walira mvula walira matope. Mitengo idayamba kutha chifukwa chophikira alendo ndi kuwatenthetsera madzi osamba, ndipo njira yochokera ku Lukla kupita ku msasa waukulu wa m'munsi mwa phiri idapatsidwa dzina lachipongwe loti njira ya mapepala a kuchimbudzi. Boma lidakhazikitsa malo otetezedwa a Sagarmatha National Park mu 1976, ndipo UNESCO idawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1979. Kudula nkhuni kudaletsedwa, magulu n'kuyamba kunyamula palafini. Za zinyalala zidatsalira.

Mu 1985 Dick Bass, mkulu wa bizinesi wa ku America wa zaka 55, adafika pa nsonga mothandizidwa ndi akatswiri. Anthu a ndalama padziko lonse adaona kuti nawonso angathe. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 makampani ngati Adventure Consultants a Rob Hall ndi Gary Ball a ku New Zealand adali atayamba kutengera makasitomala pamwamba. Kasitomala amafuna tenti yake pa msasa uliwonse, mabotolo angapo a okosijeni, chakudya cha m'mapaketi ndi chingwe chomangiratu kuyambira pansi mpaka pa nsonga. Zonsezi zimakwera pamsana pa Msherpa. Potsika, munthu wafooka, zala zachita dzanzi, mphepo yayamba. Tenti yakwiririka theka. Ambiri ankangodula chizindikiro cha kampani pa tentiyo kapena kuisiya momwemo, n'kuthawitsa moyo.

Ndisanaweruze aliyense, ndiyenera kunena chilungamo ichi: pamwamba pa mamita 8,000 munthu amapuma gawo limodzi mwa magawo atatu a okosijeni amene timapuma kunyanja. Thupi limakhala likufa pang'onopang'ono, ndipo kilogalamu imodzi yowonjezera m'chikwama ikhoza kukhala kusiyana kwa kufika ndi kusafika. Amene amasiya botolo pofuna kupulumutsa mnzake wodwala sindingamuloze chala. Koma zinyalala zambiri za pa Everest sizidasiyidwe pa ngozi. Zidasiyidwa chifukwa kuzitsitsa kumafuna ulendo wina wa Msherpa, ulendowo umafuna malipiro, ndipo mwini gulu sadafune kulipira.

Oyamba kuchitapo kanthu mokhazikika adali eni dera. Mu 1991 anthu a ku Khumbu, molimbikitsidwa ndi mkulu wa amonke a ku Tengboche, Ngawang Tenzin Jangpo, ndi thandizo la bungwe la WWF komanso unduna wa zokopa alendo, adakhazikitsa komiti yolimbana ndi kuipitsa malo, ya Sagarmatha Pollution Control Committee, yodziwika kuti SPCC, yomwe likulu lake lili ku Namche Bazaar. Ntchito yake si ya pa wailesi yakanema. Ndi yomanga nkhokwe za miyala zotayamo zinyalala m'mbali mwa njira, kulemba m'kaundula katundu amene gulu lalowa naye, kuyeza pa sikelo zimene latuluka nazo, kulekanitsa zoyaka, zitini ndi mabotolo, n'kuona kuti zina zafika ku Kathmandu. Kuyambira 1997 komiti yomweyi ndiyo imayang'anira Asherpa amene amayala makwerero ndi zingwe mu Khumbu Icefall, chigwembe cha madzi oundana chimene aliyense wokwera mbali ya Nepal amadutsamo. M'zaka zomwezo boma lidayamba kulandira chikole cha madola 4,000 kwa gulu lililonse, chobwezedwa pokhapokha gululo likaonetsa kuti latsitsa zinyalala zake.

Alendo nawo adayamba kuchita manyazi. Mu 1990 Jim Whittaker, Mmerika woyamba kufika pa nsonga, adatsogolera gulu la anthu a ku America, Soviet Union ndi China pa ulendo wa mtendere mbali ya Tibet, ndipo adatola zinyalala zokwana matani pafupifupi 2. Koma njira imene idasinthadi zinthu idabwera mu 1994 ndi Brent Bishop, mwana wa Barry Bishop uja, pamodzi ndi Scott Fischer ndi anzawo. Iwo adaona chinthu chimene chidali poyera: Asherpa amakwera atasenza, koma amatsika zikwama zili pululu. Adayamba kuwalipira pa botolo lililonse lopanda mpweya limene atsitsa. Nyengo imodzi yokha mabotolo oposa 200 adatsika, pamodzi ndi zinyalala zina zoposa matani 2, popanda wina kuwonjezera ulendo m'malo oopsa. Magulu ena adatengera. Pambuyo pake mabotolo opepuka odzazidwanso atafala, botolo lidasanduka katundu wa mtengo wa madola mazanamazana, ndipo lero silikhalitsa pansi. Tenti yong'ambika ndi paketi ya chakudya zilibe wogula, n'chifukwa chake zikadali pa South Col.

Anthu awiri a ku Japan adatenga nkhaniyi kupita nayo kwawo, kumene ena mwa okwera phiri amachokera. Junko Tabei, mayi woyamba kufika pa nsonga ya Everest, pa 16 Meyi 1975, adabwerera kusukulu ali wamkulu kale, ku yunivesite ya Kyushu, kukafufuza za zinyalala ndi zonyansa zimene magulu amasiya paphiripo, ndipo adamaliza mu 2000. Adatsogolera bungwe la Himalayan Adventure Trust of Japan, n'kumayenda maulendo otola zinyalala m'mapiri a kwawo ndi a Himalaya mpaka pafupi ndi imfa yake mu 2016. Ken Noguchi adafika pa nsonga mu 1999 ali ndi zaka 25. Chimene chidamulasa mtima ndi mawu a wokwera phiri wina wa ku Ulaya amene, ataona mapaketi olembedwa Chijapani ali mbwee, adanyoza khalidwe la anthu a mtundu wake. Kuyambira 2000 Noguchi adabwerera ku Everest chaka ndi chaka ndi Asherpa, osati kukafika pa nsonga koma kukatola, ndipo adatsitsa matani oposa 7. Zina mwa zinyalalazo adazitengera ku Japan n'kukaziyala pamaso pa anthu kuti awerenge okha zilembo za m'chinenero chawo. Kenako adatembenukira ku phiri la Fuji, limene nalonso lidali litaipa. Mwa njira zonse zodziwitsira anthu zimene zayesedwa, imeneyi ndimaiona kuti idafika pamtima, chifukwa munthu sakana paketi ya chakudya cha kwawo.

Mu 2008 Dawa Steven Sherpa wa kampani ya Asian Trekking adayambitsa maulendo a chaka ndi chaka a Eco Everest, amene kangapo adatsogozedwa ndi Apa Sherpa, munthu amene adafika pa nsonga maulendo 21. Ankagula zinyalala pa kilogalamu kwa aliyense wobweretsa, ankaphika ndi mphamvu ya dzuwa pa msasa waukulu, ndipo ankagawa matumba odzithandiziramo. Mu 2010 Asherpa 20 motsogozedwa ndi Namgyal Sherpa adakwera dala kukatola pamwamba pa mamita 8,000 ndi kutsitsa mitembo. Mu 2012 amisiri a zosemasema a ku Nepal adasandutsa mabotolo, makwerero othyoka ndi zidutswa za helikopita kukhala ziboliboli zimene adazionetsa ku Kathmandu.

Mu 2014 boma lidalamula kuti aliyense wopitirira msasa waukulu azitsika ndi makilogalamu 8 a zinyalala. Lamuloli lidamveka dziko lonse, koma lili ndi mipata. Sikelo ili pansi, ndipo siidziwa kumene chinyalala chatoledwa. Makilogalamu 8 akhoza kukwanira ndi za pa msasa wachiwiri, pa mamita 6,400, pomwe za pa South Col sizidakhudzidwe. Komanso kwa munthu amene adalipira madola masauzande makumimakumi kuti akwere, kutaya gawo lake la chikole sikudali komusowetsa tulo. Ndipo amene amasenza makilogalamuwo kawirikawiri si mlendo mwini. Chaka chomwecho, pa 18 Epulo, chigumukire chidapha antchito 16 a ku Nepal mu Khumbu Icefall akunyamula katundu wa makasitomala. Mlendo amadutsa pamalo amenewa maulendo owerengeka pa nyengo yonse; Msherpa amadutsapo kambirimbiri. Aliyense wonena kuti phiri liyeretsedwe azikumbukira kuti thumba lililonse lochokera kumtunda limadzera pomwepo, pamsana pa munthu amene ali ndi ana kumudzi ku Pangboche kapena ku Thame.

Nkhani imene ambiri ankaizemba ndi ya chimbudzi. Pa msasa waukulu, pa mamita 5,364, anthu oposa chikwi amakhala miyezi iwiri pamwamba pa madzi oundana. Amadzithandizira m'migolo ya pulasitiki yabuluu, ndipo pali anthu amene ntchito yawo ndi kusenza migoloyo kupita nayo kumaenje a kufupi ndi Gorak Shep, kumene kuzizira kumachedwetsa kuola. Kumtunda kudalibe migolo. Anthu ankakumba kadzenje m'chipale kapena kubisala kuseri kwa mwala, chipale chomwecho chimene amasungunula kuti amwe. Madzi a ku Khumbu amatsikira mu mtsinje wa Dudh Koshi, umene umadutsa m'midzi ya anthu mpaka kukathira mu Koshi ndi Ganges. Mu 2024 khonsolo ya Khumbu Pasang Lhamu idalamula kuti okwera Everest ndi Lhotse azigula matumba apadera pa msasa waukulu, okhala ndi mankhwala oumitsa ndi kuchepetsa fungo, ndipo aziwaonetsa akatsika. Padatenga zaka 71 chifikireni Hillary ndi Tenzing pa nsonga kuti lamulo limeneli likhalepo. Khonsolo yomweyi idaletsa mapulasitiki opyapyala kuyambira Januwale 2020.

Zina sizitoleka n'komwe. Ofufuza a ulendo wa National Geographic wa mu 2019 adatenga chipale pa mamita 8,440, ndipo Imogen Napper wa ku yunivesite ya Plymouth adapezamo timaulusi ta pulasitiki tosaoneka ndi maso, tothothoka ku zovala, zingwe ndi matenti. Chaka cha 2019 chomwecho chithunzi chimene wokwera phiri Nirmal Purja adajambula choonetsa mzere wa anthu atandandalika pa kamzere kopita ku nsonga chidazungulira dziko, China idatseka msasa wake wa kumpoto kwa alendo opanda chiphaso chokwerera chifukwa cha zinyalala, ndipo boma la Nepal lidayamba ntchito yoyeretsa mapiri mogwiritsa ntchito asilikali ndi Asherpa. Mu 2024 ntchitoyi idatsitsa matani 11, mitembo 4 ndi mafupa a munthu mmodzi. Ang Babu Sherpa, amene adatsogolera gulu lotola pa South Col, adauza atolankhani kuti pamalopo pangakhale patatsala matani 40 mpaka 50. Madzi oundana akusungunuka chifukwa cha kutentha kwa dziko, ndipo zimene zidakwiririka kale zikutulukira.

Kunsi kwa phiri zinthu zasinthadi, ndipo n'kulakwa kusayamikira. Njira ya ku Lukla, imene m'zaka zina imalandira alendo oposa 50,000, lero ndi yaukhondo kuposa mmene idalili m'ma 1980. Ku Syangboche kuli malo a Sagarmatha Next ophunzitsa alendo za zinyalala, ndipo mlendo wobwerera amapemphedwa kutenga kathumba ka kilogalamu imodzi ka mabotolo ndi zitini zophwanyidwa kale kuti akakasiye ku Lukla, kumene ndege zimakatengera ku Kathmandu. Kathumbako n'kopepuka, koma wakanyamulayo akafika kwawo amakhala atadziwa kuti botolo la madzi limene adagula ku Namche lidafika pamsana pa munthu ndipo silichoka lokha.

Ife a kuno nkhaniyi isatipite patali. Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, pa mamita 3,002, ndi wamfupi kuposa msasa waukulu wa Everest ndi makilomita oposa awiri, koma Mulanje nalo ndi phiri la mizimu, lili ndi onyamula katundu ake ndi tinyumba togona alendo ku Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Chisepo, ndipo UNESCO idaliika pa mndandanda wake mu 2025 chifukwa cha chikhalidwe cha anthu olizungulira. Mitsinje ya Likhubula, Ruo ndi Thuchila imayambira pamwamba pake, ndipo madzi a Likhubula amafika m'mipope ya ku Blantyre. Pa Mulanje palibe amene angati mpweya udamuthera. Jumbo ndi botolo la chakumwa zimene munthu adakwera nazo zodzaza angathe kutsika nazo zopanda kanthu.

Ku Everest tsopano kwafika madroni. Mu Epulo 2024 adayesa droni ya kampani ya DJI yonyamula mabotolo a okosijeni kuchokera pa msasa waukulu kupita ku msasa woyamba, pamwamba pa Khumbu Icefall, n'kubwerera ndi zinyalala. Ulendo umene Msherpa amayenda maola 6 kapena kuposerapo, droni idautha m'mphindi zochepa. Izi zichepetsa maulendo a anthu m'chigwembe chija, ndipo pa chifukwa chimenecho chokha ndi zoyenera kuzilandira ndi manja awiri. Koma kuchokera pa South Col kufika pa msasa woyamba ndi mtunda wautali, ndipo tenti yomatirira ku ayezi ikufunabe munthu woigoba.

Funso limene boma la Nepal lakhala likulizengereza ndi la chiwerengero. Mu 2023 lidapereka ziphaso 478 za Everest, zochuluka kuposa chaka chilichonse m'mbuyomo, ndipo chiphaso chilichonse chimatanthauza Msherpa mmodzi kapena awiri, matenti pa misasa inayi ndi mabotolo ochuluka. Dziko losauka silingakane ndalama zotere mosavuta, ndipo mabanja ambiri a ku Khumbu amadya chaka chonse kuchokera pa miyezi iwiri ya Epulo ndi Meyi. Mu 2024 khoti lalikulu la Nepal lidalamula boma kuti liike malire a ziphaso molingana ndi zimene mapiri angathe kupirira. Chimene boma lidachita msanga ndi kukweza mtengo wa chiphaso kuchoka pa madola 11,000 kufika pa 15,000 kuyambira Seputembala 2025.